Musanapopere mankhwala m'munda wa mpunga, yambani mwawerenga zomwe zilimo

Pakangopita masabata awiri kapena atatu anthu atawokera, funso limabwera lomwelomwelo: "Mpunga wanga wadzaza tizilombo, ndipopere mankhwala anji?" Ena amatumiza chithunzi pafoni, tsamba lili mbuu, lobookabooka. Ndikafunsa kuti tizilomboto n'totani, amati n'tambiri. Ndikafunsa kuti tilipo tingati pa phando limodzi, kumangoti zii. Funsoli ndaliyankha mpaka kukhosi kuuma, ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa mawa ndidzangomulozera pano.

Munda wa mpunga wothirira ndi dambo lopangidwa ndi munthu. Mukalowetsa madzi, pasanathe masiku angapo mumakhala mutabwera ndere, tizamoyo tosaoneka ndi maso, mbululu, nkhono, atombolombo, akangaude, kenako akakowa. Mitundu ya zamoyo imene imapezeka m'minda yotere ndi mazanamazana, ndipo yodya mpunga ndi yochepa chabe pa gulu lonselo. N'chifukwa chake mu 2008 mayiko a m'pangano la Ramsar, lomwe limateteza madambo, atakumana ku Changwon m'dziko la South Korea anagwirizana kuti minda ya mpunga izionedwa ngati madambo osunga zamoyo. Koma ine sindikulemberani kuti muzikonda achule. Ndikulemba chifukwa zambiri mwa zamoyozi zimakugwirirani ntchito usana ndi usiku popanda malipiro, ndipo mankhwala opopera mosawerenga amayamba kupha zomwezo.

Zofunika kutenga: beseni kapena mbale yoyera mkati, mabotolo awiri kapena atatu oonekera, kachidutswa ka neti yakale ndi mphira womangira, kope ndi pensulo (inki imasungunuka ikanyowa), ndi majombo. Za majombozo musazitenge mopepuka, ndizinenanso kutsogoloku.

1. Lowani m'munda, kamodzi pa sabata, m'mawa

Sankhani tsiku limodzi ndipo musalisinthe. Pitani mame asanaume, tizilombo tisanayambe kuuluka, ukonde wa akangaude ukadaoneka. Cholakwika cha anthu ambiri n'kuimirira pa mgula, kakhoma kadothi kaja kotchinga madzi, n'kuyang'ana mapando a m'mphepete. M'mphepete si munda. Ziwala zimayambira pamenepo, mthunzi ndi feteleza wotayika zimakhalanso pamenepo. Yambirani pa ngodya imodzi, dutsani pakati mpaka pa ngodya ya tsidya lina, ndipo muime pa mapando 20. Musasankhe odwala okhaokha. Werengani masitepe, mwachitsanzo asanu, phando lomwe lili patsogolo pa phazi lanu n'lomwelo, kaya ndi lokongola kaya ndi lodyeka.

2. Pa phando lililonse onani malo anayi

Mukafika musagwire kanthu. Werengani chamumtima mpaka 30 mutangoima. Kuona maso a nkhono n'kudekha: zomwe zinathawa mkokomo wa mapazi anu zimayamba kubwerera. Yambani ndi masamba a pamwamba. Kenako njutani, patulani mphukira ndi dzanja muone patsinde, pomwe mpunga ukukumana ndi madzi, chifukwa alenje ambiri (zamoyo zosaka ndi kudya tizilombo) ndi adani oopsa a mpunga amakhala pamenepo, osati pamwamba. Ikani beseni lokhala ndi timadzi pang'ono m'munsi mwa phando, menyani mpunga katatu ndi chikhatho, muone zomwe zagweramo. Chachitatu ndi madzi enieniwo: tungani ndi beseni mudikire akhazikike. Chomaliza, tapani matope a pamwamba odzaza dzanja, muwasungunule m'madzi.

Sabata yoyamba zimenezi zikutengerani ola lathunthu ndipo msana uwawa. Pofika sabata yachinayi theka la ola likwana.

3. Gawani zomwe mwapeza m'magulu atatu, osati awiri

Apa ndi pomwe malangizo ambiri amangodumpha. Amati "dziwani tizilombo tabwino ndi toipa", n'kupitirira, ngati kuti timayenda titavala zikwangwani. Ndikhalitsapo pano.

Gulu loyamba ndi la odya mpunga, ndipo nthawi zambiri mumawadziwa ndi ntchito zawo musanawaone. Kapuchi wa mpunga amaboola tsinde n'kudya mkati. Mpunga ukadali waung'ono, tsamba lapakati limauma ndipo mukalikoka limazuka mosavuta, kunsi kwake kutadyeka. Ukatulutsa ngala, mumaona ngala yoyera mbee, yoimirira, yopanda kanthu. Mbozi yopinda masamba imasoka tsamba ngati kachitoliro n'kumapala zobiriwira mkati, kusiya mizere yoyera. Kuli kantchentche kena komwe mphutsi yake imasandutsa mphukira kukhala ngati tsamba la anyezi, lobulungira, losabereka. Kulinso ntchentche yodabwitsa yomwe maso ake ali kunsonga kwa timitengo tiwiri ngati nyanga. Mphutsi zake nazo zimapha mtima wa mphukira. Ena ndi tizilombo todumpha toyamwa madzi patsinde, ndi tina tonunkha toyamwa mkaka wa njere zisanalimbe.

Gulu lachiwiri ndi alenje. Kangaude aliyense amene mwamuona m'munda wa mpunga ndi wanu, palibe kangaude wodya mpunga. Woyamba kufika amakhala wotuwa uja wothamanga pamwamba pa madzi, wosaluka ukonde. Wamkazi amakoka kathumba ka mazira kumbuyo kwake, ana akaswa amawabereka kumsana onse. Iyeyu amasaka patsinde, pomwe pamakhala tizilombo toyamwa tija. Wina ndi wamiyendo italiitali, masana amadziwongola motsatira tsamba mpaka simungamuone, madzulo n'kutchera ukonde wake pakati pa mapando. Atombolombo alipo a mitundu iwiri: akuluakulu omwe amatera mapiko ali tambasu, ndi ang'onoang'ono owonda omwe amapinda mapiko akatera. Ana awo amakhala m'madzi, ndi otuwa, osakongola n'komwe, ndipo anthu amawapha poganiza kuti ndi zoipa, chonsecho amadya mphutsi za udzudzu. Onjezerani tizikumbu tofiira tamadontho, tizilombo tina timene timayenda pamwamba pa madzi ngati tikutsetsereka, achule, anamzeze masana, mileme usiku.

M'gulu lomweli muli alenje ovuta kuwaona: timavu tating'onoting'ono, tina tochepa kuposa kambewu ka mchenga, tosaluma munthu. Timaikira mazira athu m'kati mwa mazira kapena m'thupi la mbozi, ana athu n'kudya mdaniyo kuchokera mkati. Ine amene ndinalakwapo apa. Ndikuyamba kumene, ndinapeza pa tsamba timinyololo ta tinthu toyera tonga njere za mpunga zazing'ono, tomatirira pafupi ndi mbozi yakufa. Ndinati amenewa ndi mazira a mbozi, n'kuyenda ndime yonse ndikutitswanya ndi zala, ndikudzitama kuti ndagwira ntchito. Munthu wina wachikulire yemwe ndinali naye anangotenga tsamba limodzi n'kuliika m'botolo. Patapita masiku ochepa munatuluka timavu takuda. Tinthu tija tinali zikwa za timavu tomwe tinapha mbozi ija. Ndinakhala tsiku lonse ndikupha asilikali anga.

Gulu lachitatu ndi lomwe limaiwalika, ndipo masabata oyamba ndi lomwe limachuluka kuposa onse. Awa sadya mpunga, sasakanso anzawo. Amadya zoola, ndere ndi tizamoyo ta m'madzi. M'matope muja mupeza tinyongolotsi tofiira ngati magazi: ndi mphutsi za tintchentche tofanana ndi udzudzu koma tosaluma, tomwe timaundana m'mwamba madzulo ngati utsi. Pamwamba pa madzi mupeza tinthu tonga fumbi tomwe timadumpha mukayandikiza chala. M'beseni mupeza timadontho tosambira modukizadukiza. Munthu akamati munda wake wadzaza tizilombo pa sabata yachiwiri, kawirikawiri amakhala akunena amenewa.

Ntchito yawo ndi kudyedwa. William Settle ndi anzake, pa kafukufuku wa m'minda ya pa chilumba cha Java yemwe anasindikizidwa mu 1996, anaonetsa ndondomeko yake: madzi akalowa, gulu lachitatuli limachuluka msanga, alenje amabwera kudzalidya n'kuswana, ndipo odya mpunga akamafika amapeza alenje ali kale ambiri ndi anjala. M'ndime zomwe anathiramo manyowa, gulu lachitatu linachuluka ndipo alenje nawo anachuluka. Choncho mukapopera pa sabata yachiwiri, mwapha chakudya cha alenje pamodzi ndi alenjewo, mdani weniweni asanafike n'komwe.

Nanga kachilombo komwe simukukadziwa mukaike gulu liti? Musafunse ine pafoni, kafunseni keniko. Kaikeni m'botolo limodzi ndi tsamba la mpunga labwinobwino, tsekani ndi kaneti, ikani pamthunzi. M'botolo lina ikani kena kamtundu womwewo pamodzi ndi kambozi kapena kachilombo kodumpha. Mawa kapena mkuja onani. Ngati tsamba ladyeka, ndi gulu loyamba. Ngati kambozi kasowa kapena kasanduka chikopa, ndi mlenje. Ngati palibe chachitika, mwina ndi gulu lachitatu. Chitani chimodzimodzi ndi mazira: mukapeza kamulu ka mazira pa tsamba, kena kamakhala kokutidwa ndi ubweya wofiirira, dulani tsambalo mulisunge m'botolo. Mukatolera timilu khumi, n'kupeza kuti tambiri tatulutsa timavu m'malo mwa timbozi, dziwani kuti kapuchi wanu ali kale pa mavuto aakulu kuposa omwe mungamupatse ndi sipuleya. Musaike botolo padzuwa, zonse zimafa ndi kutentha musanaphunzire kanthu. Musaikenso akangaude awiri botolo limodzi, mupezamo mmodzi.

4. Lembani manambala, ndipo muziyerekeza ndi a sabata yatha

Tsamba limodzi la kope pa sabata: tsiku, masiku omwe apita chiwokerereni, kuya kwa madzi, ndi chiwerengero cha gulu lililonse pa mapando 20 aja. Mayina a sayansi safunika. Jambulani kachilomboko, kapatseni dzina lanu. Nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri. Chofunika ndi njira yomwe manambala akulowera: odya mpunga akukwera pomwe alenje akutsika, kapena onse akukwera limodzi? Ngati alenje akukwera nawo, dikirani sabata ina.

Musasokoneze kudyeka kwa masamba ndi kutaya zokolola. Mpunga waung'ono umatulutsa mphukira ndi masamba ambiri kuposa omwe udzafune pobereka, ndipo umabwezeretsa zomwe zadyeka. Ngati simukukhulupirira, yesani zomwe alimi amachita m'masukulu a m'munda: zikani timitengo pa mapando khumi, patatha masabata atatu chiwokerereni dulani ndi lumo gawo limodzi mwa magawo anayi a tsamba lililonse, mapando ena khumi muwasiye. Pokolola yezani padera. Diso limaopa tsamba loyera, koma sikelo ndi yomwe imanena zoona. Kudyeka komwe kumapweteka ndi kwa kumapeto: tsamba lomaliza la pamwamba lomwe limadyetsa ngala, ndi ngala yeniyeniyo.

5. Masiku 40 oyamba sipuleya ikhale pa msomali

Lamuloli lili ndi mbiri yake. Ku Asia kuli kachilombo kofiirira koyamwa patsinde kotchedwa brown planthopper. Kale sikankaopsa kwambiri. M'zaka za m'ma 1970, mbewu zatsopano zitabwera pamodzi ndi feteleza wambiri ndi mankhwala otsika mtengo, kanayamba kuumitsa minda yathunthu ngati yawauka ndi moto. Anthu ankapopera kwambiri, iko n'kumachuluka kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kamaikira mazira mkati mwa khungu la tsinde, momwe mankhwala safika. Kupopera kumapha akangaude ndi timavu, patatha sabata mazira aja amaswa m'munda wopanda mlenje, ndipo pakangotha masabata atatu kapena anayi anawo akuikira awo mazira, pomwe akangaude amatenga nthawi yaitali kuti abwerere. Mu 1986 Pulezidenti Suharto wa Indonesia analetsa mitundu 57 ya mankhwala ophera tizilombo pa mpunga, ndipo mu 1989 m'dziko lomwelo munayamba masukulu a alimi a m'munda mothandizidwa ndi FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi. Zambiri zomwe ndalemba pamwambapa, za beseni, botolo ndi kope, zinakula kuchokera kumeneko.

Nambala ya 40 inamveka kwambiri ku Vietnam. Mu 1994 m'chigawo cha Long An, akatswiri a boma pamodzi ndi K. L. Heong wa ku IRRI, likulu la kafukufuku wa mpunga lomwe lili ku Los Baños m'dziko la Philippines, anafalitsa uthenga umodzi wokha pa wailesi ndi m'timapepala: kupopera mbozi yopinda masamba m'masiku 40 oyamba n'kosafunika, yesani pa kachigawo ka munda wanu muone. Alimi anayesa, ndipo kupopera kunatsika ndi theka. Chomwe ndimakonda pa nkhaniyi ndi chakuti sanauze anthu kuti akhulupirire, anawauza kuti ayese. Nanunso gawani ndime imodzi, theka muchite monga mwa nthawi zonse, theka musapopere, pakati muike mgula kuti madzi asasakanikirane.

Mwina kachilombo ka ku Asia kaja kwanu kulibe, koma mchitidwe wake ndi umodzi kulikonse komwe mdani amaswana msanga kuposa mlenje. Onjezerani apa nkhani ya feteleza: yureya wochuluka amapangitsa mpunga kukhala wofewa, wobiriwira mpaka kuda, wothinana, ndipo tizilombo toyamwa, mbozi ndi matenda a masamba zimaukonda wotero. Thirani pang'onopang'ono, osati kamodzi n'kamodzi.

Sindikunena kuti mankhwala alibe malo. Gulu la ntchemberezandonda likalowa mu nazale usiku umodzi simungadikire kangaude. Koma zikafika potero poperani pokhapo pomwe pali vuto, osati munda wonse, tsekani potulukira madzi kuti mankhwala asatsikire m'ngalande, ndipo musatsukire sipuleya m'ngalandemo. Samalani kwambiri ndi mankhwala monga cypermethrin ndi deltamethrin: amapha nsomba ngakhale atasungunuka kwambiri, ndipo ndi ena mwa omwe amadziwika kuti amabwezeretsa tizilombo toyamwa mochuluka.

6. Migula musaipale mpaka dothi

Pomwe mukugaula ndi kusalaza munda, alenje amathawira pa migula ndi m'mphepete mwa ngalande. Mukawotcha kapena kupopera mankhwala opha udzu pamenepo, ndiye kuti munda watsopano uyamba wopanda mlonda. Tchetchani, koma osati migula yonse tsiku limodzi. Timavu tija tikakula timafuna timadzi ta m'maluwa, ndipo tikatipeza timakhala masiku ambiri n'kuikira mazira ambiri. Ofufuza anayesa kudzala maluwa, monga chitowe, pa migula ku China, Thailand ndi Vietnam, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kupopera kutatsika ndi 70 pa 100 aliwonse, zokolola zitakwera ndi 5 pa 100. Dzalani chitowecho msanga, kuti chikhale chikuchita maluwa mpunga ukamaphukira.

Kumadzulo kwa Africa anapezanso kuti udzu wina wa m'mphepete wotchedwa Paspalum umasunga kantchentche kosadya mpunga, komwe timavu timaswanirapo mpunga usanadzalidwe, kenako n'kusamukira pa kantchentche kosandutsa mphukira kukhala ngati anyezi kaja. Udzu womwe mukuuona ngati uve ukhoza kukhala khola la alenje anu.

Vuto la migula ndi makoswe. Mgula waukulu wa tchire lowirira ndi nyumba yawo. Migula ya pakati pa ndime ikhale yopapatiza, yosapitirira masentimita 30, kuti asakumbe una, ndipo udzu ukhale waufupi mpunga ukatenga mimba. Maluwa aikeni pa migula ikuluikulu yomwe mumayendapo tsiku ndi tsiku. Ku Malaysia amaimika mabokosi pa mitengo m'minda ya mpunga kuti akadzidzi aziswaniramo, chifukwa banja limodzi la akadzidzi limadya makoswe usiku uliwonse. Mukathira poizoni wa makoswe, kadzidzi ndi njoka zomwe zadya khoswe wodwalayo zimafanso, ndipo khoswe amabwerera msanga kuposa kadzidzi. Pa makoswe ndi mbalame zodya njere, chida chachikulu ndi kugwirizana ndi oyandikana nawo kuti nonse muwokere m'masabata awiri omwewo. Wotsalira yekha ndi amene amadyetsa mbalame za dera lonse.

7. Madzi: apa muyenera kusankha

Walira mvula walira matope. Madzi omwe amasunga atombolombo amasunganso udzudzu wofalitsa malungo ndi nkhono zofalitsa likodzo. Aliyense wokuuzani za kukongola kwa dambo osatchula ziwirizi sanaimepo m'matope tsiku lonse.

Udzudzu wa malungo umakonda madzi osaya, owala ndi dzuwa, makamaka masabata oyamba chiwokerereni mpunga usanatseke. M'nyengo yotentha dzira limasanduka udzudzu wouluka m'sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, choncho kuphwetsa munda kwa masiku angapo kumadula mzere umenewu, bola munda ukhale wosalala, wopanda timaenje tosunga madzi. Pali njira yothirira modukiza yomwe imapulumutsanso madzi: zikani paipi yotalika masentimita 30 yoboola m'mbali, muchotse dothi mkati, ndipo muzithiranso madzi akatsika masentimita 15 pansi pa nthaka. Pa nthawi ya maluwa madzi asaphwe.

Koma kuphwetsa kumapha mbululu, tinsomba ndi ana a atombolombo. Yankho lake ndi kukumba kangalande kozama mbali yotsika ya ndime, komwe madzi amatsala munda ukauma. Zamoyo zimathawira mmenemo, ndipo tinsomba ndi ana a atombolombo amadya mphutsi za udzudzu zomwe zingaswere momwemo. Nthawi yophwetsa nayo ili ndi kanthu. Ku Toyooka m'dziko la Japan, mbalame yaikulu yoyera ya miyendo italiitali, yomwe inatha kutchire m'dzikolo mu 1971, inabwezeretsedwa mu 2005. Kuti izipeza chakudya, alimi anachepetsa mankhwala ndipo anayamba kuchedwetsa kuphwetsa kwa pakati pa nyengo mpaka mbululu zitamera miyendo. Inunso mutha kuyang'ana m'beseni: ngati mbululu zambiri zili ndi miyendo inayi, phwetsani, zituluka zokha.

Likodzo silifuna kukambirana. Tizilombo take timachoka mu nkhono n'kulowa pakhungu la munthu woima m'madzi. Valani majombo, chotsani zomera zowirira m'ngalande momwe nkhono zimamatirira, munthu asakodzere kapena kuchita chimbudzi m'madzi a munda, ndipo amene waona magazi mu mkodzo apite kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Kuweta nsomba m'munda momwemo ndi luso lakale. Ku Qingtian m'chigawo cha Zhejiang ku China achita zimenezi kwa zaka zoposa 1,000, ndipo mu 2005 FAO inaika ulimi wawo pa mndandanda wa chuma cha ulimi cha dziko lonse. Nsomba zimadya tizilombo togwa pa mpunga ndi udzu wanthete. Abakha nawo amathandiza, koma alowe mpunga utagwira ndipo atuluke ngala zisanatuluke. Dziwaninso kuti bakha sasankha, amadya mbululu ndi alenje omwe.

8. Zomera: zina zisiyeni, zina zizuleni, zachilendo musabweretse

Pano ndisakunamizeni ndi mawu okoma. Udzu womera pakati pa mpunga, monga dawe, mpunga wakutchire ndi udzu uja wofanana ndi mpunga, ndi mdani, ndipo umatsitsa zokolola kuposa tizilombo tambiri tomwe mumatiopa. Palirani msanga. Kusiyanasiyana kwa zomera komwe tikukufuna ndi kwa pa migula, m'ngalande ndi pamwamba pa madzi.

Pamwamba pa madzi mungapeze kachomera koyandama, kobiriwira kapena kofiirira, ka timasamba tosanjikizana ngati mamba a nsomba. Dzina lake ndi azolla. M'timasamba take mumakhala kamoyo kotchedwa Anabaena komwe kamatenga nayitirojeni mumpweya, chakudya chomwecho chomwe mumagula mu yureya. Alimi a ku China ndi Vietnam akhala akukagwiritsa ntchito ngati manyowa kwa zaka mazana ambiri. Zinthu zikakhala bwino kamachuluka kuwirikiza pasanathe sabata, kamaphimba udzu, ndipo mukakapondera m'matope kamawola n'kudyetsa mpunga. Kasakwirire mbande zongowokera kumene.

Mitundu ya mpunga weniweniwo nayo ndi mbali ya nkhaniyi. Ku Yunnan m'dziko la China, mu 1998 ndi 1999, alimi anadzala mzere umodzi wa mpunga wogwidwa msanga ndi matenda a blast (omwe amaumitsa masamba ndi khosi la ngala) pakati pa mizere ingapo ya mtundu wopirira. Pa mtundu wofookawo matenda anachepa ndi 94 pa 100 ndipo zokolola zake zinakwera ndi 89 pa 100 poyerekeza ndi pomwe unadzalidwa wokha. Si paliponse pomwe kusakaniza kungatheke, poti mitundu ina imakhwima nthawi zosiyana, komabe dera lonse kudzala mtundu umodzi chaka ndi chaka n'kuyalira matenda mphasa.

Chomwe musachite n'kutenga chamoyo cha kutali n'kuchiponya m'madzi anu poti mwamva kuti n'chothandiza. Nkhono yaikulu ya ku South America yotchedwa golden apple snail inapititsidwa ku Asia cha m'ma 1980 kuti anthu aziweta. Inathawira m'ngalande, ndipo lero ndi imodzi mwa adani aakulu a mbande za mpunga kumeneko. Mu 2020 inapezekanso m'minda ya Mwea ku Kenya. Chizindikiro chake simungachiphonye: timilu ta mazira ofiira motuwa, owala, omatidwa pa tsinde kapena pa khoma la ngalande pamwamba pa madzi. Mukawaona aphwanyeni, uzani alangizi tsiku lomwelo, ndipo madzi akhale ochepa kwambiri mbande zikadali zanthete, chifukwa nkhonoyi imayenda ndi kudya bwino madzi akazama. Namasupuni naye anachokera ku South America komweko ngati duwa lokongola. Ngakhale azolla, gwiritsani ntchito yemwe ali kale m'madzi a kwanu, popeza mtundu wina wobwera unatsekapo madamu kummwera kwa Africa.

9. Mukakolola musayatse moto

Mapesi ndi omwe adzadyetse gulu lachitatu lija nyengo yotsatira. Amwazeni n'kuwagaulira pansi masabata angapo musanawokerenso, kuti awole munda usanadzaze madzi. Mapesi aawisi okwiriridwa m'madzi amatulutsa mpweya woipa ndipo mbande zimachita chikasu. Zitsa ndi nkhani ina, chifukwa kapuchi amabisala m'munsi mwake kudikira mbewu yotsatira. Dulani mpunga pafupi ndi nthaka, gaulani zitsazo msanga, ndipo ngati madzi alipo zimizeni kwa masiku angapo.

Musanagaule, unjikani timilu ting'onoting'ono ta mapesi pa migula, kamodzi pa masitepe khumi aliwonse, kosaposa kukumbatira kamodzi kuti khoswe asapezemo nyumba. Akangaude othawa khasu amalowa mmenemo. Tsiku lomwe mwamaliza kuwokera, nyamulani kamulu kalikonse mukagwedezere pamwamba pa madzi, ndipo pa tsamba loyamba la kope la nyengo yatsopano mulembe kuti mwatuluka angati.